Chimene Chinagwera M'chitseko

Inu amene mumati mizimu imadikira kuti kude ndiye iyambe kuyenda, senderani kuno mumve. Ya Yobe Kamtengeni inamupeza dzuwa likuswa mtengo, anthu akukukuta chinangwa m'mbali mwa msewu.

Yobe anali mmisiri wa zitseko za galimoto ku Biwi, mu Lilongwe. Injini sankaigwira, mabuleki ayi. Iye zake zinali magalasi okana kukwera, maloko ofa ndi zogwirira zothyoka. Anali ndi kamthunzi kake pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa ogulitsa matayala, bokosi la zitsulo, ndi chitini chakale cha mkaka choponyamo masikuluwu. Anthu ankamutama kuti chikuto cham'kati mwa chitseko, chija amisiri amati padi, amachichotsa osathyola kakilipi ngakhale kamodzi. Anzake akamatokosa ndi sikuludiraiva mpaka pulasitiki kulira, iye ankangoyendetsa zala m'mphepete, padi n'kubwera yokha.

Kunyumba kwake ku Kawale ankasunga mwana wa mlongo wake, Zione, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Mayi ake, Esinati, anamwalira mwanayo ali ndi masabata atatu. Zione anayamba wakhala kumudzi kwa agogo ake, a Nangondo, cha ku Linthipe, koma agogowo anamulephera. Sanali wamwano, mutu wake unali bwinobwino, koma chiyambire kuyenda mwanayu sankakhala pakhomo. Ukangotembenuka kuti utunge madzi, wapita. Ndipo sankapita kwa anzake kapena kudambo ayi. Ankalunjika kumsewu wa phula n'kumayenda m'mphepete mwake, osathamanga, osacheuka. Ali ndi zaka zinayi njinga yamoto inamuwomba, mwendo wakumanja n'kupola mokhota. Atangotha kuponda, anayambiranso ulendo wake, akutsimphina.

A Nangondo, amene maso anali atawathera kalekale, anatumiza mawu kwa Yobe kuti, "Mwinimbumba ndiwe. Dzatenge mwanayu ndisanamutole m'matayala a lole."

Ku Kawale zinali zomwezo, kungoti magalimoto ndiye ochuluka. Mkazi wa Yobe, Nachisale, anafika pomamanga kachingwe m'chiuno mwa mwana, mbali inayi padzanja lake. Akamufunsa kuti, "Zione, ukupita kuti?" ankayankha modekha, "Kwathu."

"Kwanu si kuno?"

Mwana ankapukusa mutu n'kuloza. Lero aloza kumpoto, mawa kumene kumatulukira dzuwa. Tsiku lina Nachisale anauza mwamuna wake kuti, "Bambo, mwaona chala cha mwanayu? Akaloza sichikhala malo amodzi. Chimasuntha pang'onopang'ono, ngati akutsata chinthu choyenda."

Yobe anati ndi zachibwana, n'kutuluka panja kukasamba m'manja mwake moyera kale. Kuchipatala anapitako, kumapemphero anagonako, koma munthu yekhayo amene ankadziwa chimene chinkamukoka mwanayo anali iye, ndipo anali chete ngati madzi a mumtsuko.

Nkhani yake inali iyi. Zione atabadwa, bambo ake anali atalowera ku Joni osamvekanso, ndipo Esinati anagwidwa ndi malungo m'kachipinda ka lendi ku Mchesi. Mchombo wa mwana utagwa, anaukulunga m'kansalu kobiriwira kamene anang'amba pa ngodya ya chitenje chake, n'kumanga mfundo. Mukudziwa inu kuti mchombo sutayidwa paliponse. Umakwiriridwa pakhomo pa kuchikazi, mwakabisira, kuti mwana adzadziwe kwawo. Esinati anaitanitsa mchimwene wake.

"Achimwene, izi si za amuna, ndikudziwa. Koma amayi sangayende, ine sindingadzuke. Mukawapatse m'manja. Ndapatsa inu chifukwa manja anu sataya kanthu, ngakhale kasikuluwu."

Masiku amenewo Yobe anali ndi kagalimoto kake koyera, ndipo Loweruka ankanyamula anthu opita ku Dedza. Anaika kansaluko m'thumba la malaya. Atafika pa Nathenje, mayi wina wokhala kumbuyo kumanzere anadandaula kuti galasi lakana kukwera. Yobe anatsika n'kuwerama kuti alikoke ndi manja. Labala wa pagalasipo anali atadyeka kale, pali mpata. Anangokaona kansalu kakutsetsereka kuchoka m'thumba, kugunda galasi, n'kulowa m'chitseko.

Zitsulo zinali m'buti. Ntchito yake inali ya mphindi makumi awiri, kwa iye mwina khumi ndi zisanu. Koma mvula inali itayamba kudontha, anthu akung'ung'udza, ndipo pa Linthipe pankamudikira Nachisale, amene nthawi imeneyo n'kuti akumufunsira. Anati ndikatsegula ndikafika. Atafika anacheza, nthawi inatha, mvula inakula. Poti asafike kwa mayi ake chimanjamanja, anadula kachikopa kunsonga kwa lamba wake, n'kukakulunga m'kansalu kopukutira galasi. Mumtima ankati mawa nditsegula, ndidzakonza.

A Nangondo analandira ndi manja awiri. Anakapapasa nthawi yaitali.

"Yobe, mfundo iyi wamanga ndani?"

"Esinati, amayi."

"Mwana wanga ndi wamanzere. Mfundo zake ndimazidziwa."

"Akudwala, amayi. Manja alibe mphamvu."

Gogoyo anadzuka. Anazungulira kuseri kwa nyumba yekha, ndipo pobwera anali ndi dothi m'zala.

Mawa lija linabwera ndi zake, mkuja chimodzimodzi. Kenaka Esinati anamwalira. Maliro atatha, Yobe anagwira sikuludiraiva kangapo n'kuima pa chitseko chija, koma n'kubwerera osatsegula. Kutsegula kunali kosavuta. Chovuta chinali cha pambuyo pake: kukaima pamaso pa mayi ake n'kunena kuti munakwirira lamba wanga. Pasanathe miyezi iwiri anagulitsa galimotoyo kwa munthu wa kumpoto, n'kudziuza kuti za michombo ndi zachikale. Koma munthu amene amatsegula zitseko za eni tsiku ndi tsiku angaiwale bwanji chake? Padi iliyonse imene ankachotsa inkamukumbutsa.

Tsono linafika Lachisanu lina mwezi wa Okutobala, kukutentha kuti ngakhale agalu asiye kuuwa. M'mawa akumwa tiyi, Zione anaika kapu pansi n'kuloza kumpoto.

"Kwathu kukubwera," anatero.

Nachisale anayang'ana mwamuna wake. Yobe anayang'ana m'kapu.

Tsikulo Nachisale ankapita kumaliro kwa anansi, choncho mwana anapita kuntchito ndi amalume ake. Yobe anamukhazika pa katoni pamthunzi, n'kumangirira kachingwe kaja ku chogwirira cha bokosi la zitsulo. Zinkamupweteka kumanga mwana wa mlongo wake ngati mbuzi, anthu akuona, koma msewu unali pafupi. Zione sanadandaule. Anakhala mwendo wokhotawo atautambasula, chala chili m'mwamba. M'mawa wonse chalacho chinkatsika pang'onopang'ono, mpaka dzuwa litafika paliwombo chinaloza pa mpata wa pakati pa milu ya matayala.

Nthawi imeneyo malo anali zii. Ena anali atapita kumzikiti, ena kukadya. Pampatapo panatulukira kagalimoto kotuwa, kopentedwa kawiri kapena katatu, kodzaza fumbi. Yobe sanafunike kuona nambala. Anadziwa kulira kwake, anadziwanso kabowo ka pabampala kamene anaboola yekha kuti amangirire waya.

Munatsika bambo wamtali, maso ofiira ndi tulo. Anapereka moni n'kunena kuti ndi a Mwafulirwa, achokera ku Karonga.

"Ndinu a Yobe?"

"Ndine."

"Ndiye ndafika. Chitseko ichi chakumbuyo chandisowetsa mtendere, bambo. Chimagogoda."

"Mwina ndi loko wamasuka."

"Loko amagogoda galimoto itaima, injini itazima?" Anapukuta thukuta ndi chipewa. "Ine ndine wachinayi kuigula, ndipo tsopano ndadziwa chifukwa chake aliyense amaigulitsa msanga. Galasi ili mukalitseka, mupeza latsika lokha, mpata wongolowa dzanja. Anthu ndikawanyamula, palibe amene amakhala mbali imeneyi. Sindiwauza kanthu, koma amangopanikizana pakati, ena mpaka kunena kuti pepani mayi. Pa lodibuloko wapolisi amawerenga anthu asanu ine nditanyamula anayi."

"Simunapite nayo kwa amisiri?"

"Atatu. Wa ku Karonga anapukusa sikuluwu mpaka thukuta, ikungozungulira osatuluka. Wa ku Mzuzu sikuludiraiva inamusowa ali nayo m'manja. Wachitatu anangoika khutu pachitsekopo, n'kundiuza kuti ndichotse galimoto pamalo pake."

Yobe anafunsa kuti, "Nanga kuno wakulozerani ndani?"

"Ndinabweretsa anthu ku Kasungu. M'mawa uno, ndisanatembenuke, mayi wina anandiimitsa pamsewu, pamalo popanda nyumba. Ndinkayesa akufuna kukwera. Anangowerama pawindo n'kunena kuti, pitani ku Biwi, pansi pa mango, mukafunse a Yobe, ndi okhawo. Nditati ndifunse zambiri, ndinaona kuti ndikulankhula ndekha."

"Anali wotani?"

"Nkhope sindinaigwire, ndipo ndayesa njira yonse kuikumbuka. Wowonda. Anandiimitsa ndi dzanja lamanzere. Chitenje chobiriwira, chong'ambika pangodya."

A Mwafulirwa anaika makiyi padenga la galimoto. Anayang'ana kamwana kamene kanali kataimirira, chingwe chitakungika, maso ali pa chitseko chija.

"Ine ndikadye. Musandiitane kuti ndidzaone," anatero, n'kupita.

Yobe anatsala ndi mwana ndi galimoto. Akanatha kunena kuti ntchitoyi sindingaithe. Maganizo amenewo anamufikira ndithu, tisamunamizire kulimba mtima. Anaima kanthawi akuyang'ana njira imene a Mwafulirwa analowera. Chimene chinamubweza ndi kachingwe kaja, mmene kanalowera m'chiuno mwa Zione chifukwa cha kukoka.

"Khala pansi, mwana wanga. Ndikutsegula."

Anatsegula chitseko n'kugwada pafumbi. M'galimoto imene yayenda padzuwa kuchokera ku Kasungu mumayenera kutentha ngati mu uvuni, koma mbali imeneyo munali kuzizira. Anatokosa kachivindikiro kobisa sikuluwu ya pachogwirira. Anaika sikuludiraiva, akuyembekeza kuti ikana. Inamasuka ngati yaikidwa dzulo. Anaiponya m'chitini osayang'ana, monga mwa chizolowezi, n'kupita pa ziwiri za pansi pa chotsamira mkono. Yachiwiri, yachitatu. Apo m'pamene anazindikira kuti chitini sichinalire ngakhale kamodzi.

Anasuzumira. M'chitini munalibe kanthu.

Anafufuza pafumbi, pansi pa galimoto, m'mapindiro a thalauza. Atadzutsa mutu anaziona pampando, zitatu zonse, zitaimikidwa pamzere mitu ili pansi, motsatana mmene anazichotsera. Ali ana, Yobe akamakonza wailesi ya bambo awo, Esinati ndi amene ankamusungira tizitsulo. Ankatindandalika choncho pamphasa kuti tisasowe.

Nyenje za mumtengo wa mango zinali zitasiya kulira. Yobe sanadziwe kuti zasiya liti.

Chinatsala chopukusira galasi. Chimenechi chimagwidwa ndi kawaya kopindika kobisala kumbuyo kwake, ndipo amisiri enieni amakachotsa ndi kansalu: kulowetsa m'mphepete mwa nsalu kuseri kwa chopukusira n'kumakoka uku ndi uku mpaka kawayako katafwamphuka. Kakafwamphuka kamauluka, ndipo ambiri amakasaka mpaka madzulo. Yobe anakoka nsalu. Anamva kuti thapu, koma sanamve kugwa. Sanavutike n'kusaka. Anangoyang'ana pampando, ndipo kanali pamenepo, kachinayi pamzere.

Pamenepo chitseko chinagogoda.

Sikunali kugogoda kwaukali. Kunali katatu, pansi penipeni pa chitseko, mmene amagogodera munthu amene akudziwa kuti m'nyumbamo muli anthu ndipo amumva. Kunabweranso fungo limene Yobe analiiwala zaka zonsezi, la kachipinda ka ku Mchesi: sopo wochapira matewera, mkaka wa m'mawere ndi thukuta la malungo.

"Ndamva," ananong'ona. "Ndikubwera."

Analowetsa zala pansi pa padi n'kuyamba kukoka. Timakilipi tinamasuka kamodzikamodzi, kuyambira pansi, kukwera m'mbali. Manja amene anakana ntchitoyi zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo tsopano ankagwira ntchito okha, mwini wake akulira. Ananyamula padi m'mwamba kuti ichoke pa mlomo wa galasi, n'kuitsamiritsa ku tayala.

Kuseri kwa padi kumakhala pepala la pulasitiki lomatidwa ndi phula lakuda, lotchinga madzi. Linali lomwe lija la kale, losang'ambidwa ndi munthu. Analimatula pang'onopang'ono kuchokera pangodya, dzuwa n'kulowa m'mimba mwa chitseko.

M'kati mwa chitseko chilichonse mumakhala fumbi, ndipo Yobe anali ataona fumbi la m'zitseko mazanamazana. Ili linali ndi mizere. Inkayambira pamwamba, pa mpata wa galasi, n'kutsika inayiinayi, motalikirana ngati zala. Inali yambiri, ina pamwamba pa inzake, ina yakale yodzazanso fumbi, ina yatsopano yonyezimira chitsulo. Penti yam'kati inali itaperepeseka. Ndipo yonse inkathera malo amodzi, patatsala chikhatho chimodzi kuti ifike pansi.

Yobe anakhala pansi pafumbi. Zaka zisanu ndi chimodzi. Iye akudya, akugona, akukwatira, akuseka ndi anzake pansi pa mango, mlongo wake anali m'galimoto ya eni, Karonga, Chitipa, Mzuzu, dzanja lili m'chitseko, akulephera kufikira.

"Esinati," anatero. "Ndine ndinagwetsa. Pa Nathenje. Zitsulo ndinali nazo. Amayi ndinawapatsa lamba, ndipo atandifunsa ndinanamizira iwe kuti manja ako afooka. Mwendo wa mwanayu ndathyola ndine. Palibe wina."

Anapinda mkono n'kuulowetsa pa bowo la chitsulo, kutsika kudutsa pamene mizere inathera. Mphepete mwa chitsulo munamucheka pamkono, iye osamva. Pansi pa chitseko pamakhala matope ouma, timiyala ndi dzimbiri, chifukwa madzi a mvula amadutsa pamenepo. Zala zake zinakhudza nsalu. Anaitulutsa. Kanali kouma, kobiriwira ngati kang'ambidwa m'mawa womwewo, mfundo ili chimangire. Kanali kofunda.

Anatembenuka kuti amuonetse Zione. Pa katoni panalibe munthu.

Anathamangira pa mpata wa matayala, kuyang'ana kumsewu kumene minibasi zinkadutsa zikuimba mahutala, kuitana dzina mpaka mawu kusweka. Kunalibe. Pobwerera anapunthwa pa bokosi la zitsulo, ndipo m'pamene anaona chingwe. Sichinaduke. Chinali chitamasulidwa, kukulungidwa bwinobwino, n'kuikidwa pamwamba pa bokosi, chitamangidwa mfundo yofanana ndi ya kansalu kamene kanali m'dzanja lake.

Zione anali m'galimoto, pampando wakumbuyo, pakati. Anali m'tulo. Mwana amene chiyambire kuyenda sanagonepo masana, amene ngakhale kutulo miyendo inkangoyenda, anali atagona tulo tofa nato, pakamwa pali pululu. Thupi linali litapendekera kumanzere, mutu uli m'malere pang'ono, pamene pakanakhala miyendo ya munthu wokhala kuchitseko. Yobe sanayang'anitsitse mbali imeneyo. Anaweramitsa mutu monga amachitira munthu polowa m'nyumba ya eni.

A Mwafulirwa atabwera anapeza mmisiri atakhala pansi, magazi akuuma pamkono. Yobe anawauza zonse, osadumpha pa lamba. Bamboyo anamvetsera chipewa chili m'manja.

"Ku Linthipe ndi kutali bwanji?" anafunsa.

"Ola limodzi ndi pang'ono."

"Kwerani. Padi ikani m'buti, mudzabwezera zikatha."

Anayenda chitseko chili chovula, zitsulo zake zili poyera. Njira yonse sichinagogode. Podutsa pa Nathenje Yobe anayang'ana kumapazi. Pa lodibuloko wapolisi anasuzumira kumbuyo, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Pitani, mayi ndi mwana atopa." A Mwafulirwa anagwira chiwongolero mwamphamvu.

Anafika dzuwa litapendeka. A Nangondo anali pakhonde akusenda mtedza, ndipo anadzutsa mutu galimoto isanaime.

"Kulira uku ndikukudziwa," anatero. "Si ija unagulitsa?"

Yobe anagwada patsogolo pawo. Bambo wa ndevu zake, kugwada pafumbi ngati mwana woba shuga. Anayamba kufotokoza, mawu akumuthawa, koma gogoyo anangotambasula manja awiri. Yobe anawaikira kansalu kaja m'manjamo. Zala zokalambazo zinayenda pansalu n'kukaima pa mfundo. Zinakhala pamenepo.

"Iyi ndiye ya mwana wanga," anatero.

Misozi inatsika m'maso osaonawo, koma mawu sanagwedezeke.

"Ndinakufunsa, Yobe."

"Munandifunsa, amayi."

"Ndinasankha kukukhulupirira, poti ndiwe mwana wanganso. Mwana uja atawombedwa ndinadzitukwana ndekha, kuti mwina ndinakwirira mozondoka, mwina malo ndinalakwitsa. Zaka ziwiri ndakhala ndikupepesa Esinati pa mlandu wako."

Yobe akanakonda kuti amumenye ndi munsi. Sanamumenye. Anafunsa kumene kuli mdzukulu wawo, ndipo Zione, amene anali atadzuka, anatsika yekha n'kukawagwira dzanja. Awiriwo anazungulira kuseri kwa nyumba, wakhungu ndi wotsimphina, ndi kakhasu kakang'ono. Amuna anatsala kubwalo, poti zimenezo saona.

Ankangomva kakhasu kakugunda pansi. Kenaka kanasiya. Ndipo onse awiri anamva loko wa chitseko chija akuti kwatsu. Chitseko chinatseguka pang'onopang'ono. Galimoto inadzuka pang'ono mbali yakumanzere, monga imachitira munthu akatsika. Chitseko chinatsekeka mofatsa, ngati poopa kudzutsa mwana. A Mwafulirwa anavula chipewa n'kuyang'ana pansi. Nkhuku zimene zinkatola pabwalo zinapatuka, kusiya njira yolowera kuseri kwa nyumba.

A Nangondo anabwera ndi kanthu kakuda kodzaza dothi. Nsalu inali itawola, koma chikopa sichiwola msanga.

"Tenga. Ndi chako ichi. Pakhomo panga sichigonanso."

Yobe analandira.

Zione anakhala pakhonde pafupi ndi lichero la mtedza. Panalibe chingwe. Kumsewu wa phula kunadutsa lole, kulira kwake kunamveka mpaka pamudzipo, ndipo Yobe anadzuka mwachizolowezi kuti amugwire. Mwana sanatembenuke n'komwe. Ankalimbana ndi kuswa mtedza ndi mano.

Yobe ananjuta pafupi naye. "Zione, kwanu ndi kuti?"

Mwana anamuyang'ana ngati wafunsa zopusa. "Si kuno?"

Anatafuna mtedza, kenaka anakhala ngati wakumbuka kanthu.

"Amalume, amayi aja anati ndikuuzeni mawu."

"Amayi ati?"

"Aja ndinawagonera. Anati ndikuuzeni kuti manja anu sataya kanthu, ngakhale kasikuluwu."

M'chipinda cha ku Mchesi tsiku lija munali anthu awiri okha ndi khanda la masiku asanu ndi atatu. Yobe anagwira mzati wa khonde.

"Ananena atakwiya?"

"Ayi." Zione anaganiza pang'ono. "Anangoti atopa."

Agogo ake anamuitana m'nyumba kuti akatenge madzi. Anadzuka n'kupita, mwendo wina ukuponda, wina ukukoka, ukusiya kamzere pafumbi. Yobe anamuyang'ana mpaka analowa. Mchombo unali utafika kwawo, mlongo wake anali atatsika, koma mwendowo panalibe padi yoti achotse kuti auwongole.

Padi ija anaibwezera madzulo omwewo, masikuluwu atatu ndi kawaya, ndipo a Mwafulirwa akuti mpaka lero chitsekocho chili chete. Yobe akadali ku Biwi pansi pa mango. Mukapita ndi galasi lokana kukwera, sadzakuuzani kuti bwerani mawa, ngakhale mvula ikugwa. Ndipo akamaponya masikuluwu anu m'chitini, mudzamva kuti yoyamba siilira. Imagwera pa kachikopa kakuda kamene kali pansi pa chitinicho. Musamufunse, ine ndakuuzani kale.